Momwe mungatsekere mabuku a sitolo pa 31 Disembala

Kuno ku Mozambique chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Januwale n'kutha pa 31 Disembala. Bajeti imene aphungu amavomereza ku Maputo imayenda m'miyezi imeneyi, ndipo a ku Finanças amawerengera msonkho wanu momwemonso. Amene mumakaoda katundu ku Dedza musatengere anzathu a ku Malawi, kwawo chimayamba pa 1 Epulo. Chovuta kwa ife ogulitsa feteleza ndi mbewu ku Ulongué n'chakuti chaka chimaduka pakati pa dzinja, malonda atafika pachimake.

Yambani ndi mafatura (mapepala osonyeza zogula ndi zogulitsa) onse a chaka, muwasanje mwezi ndi mwezi. Za pa M-Pesa ndi e-Mola zilowe m'kaundula momwemo. Zogula ndi makwacha lembani m'mameticais.

Tsiku lomaliza tsekani chitseko msanga, muwerenge katundu thumba ndi thumba. Lembani mtengo umene munagulira, osati wogulitsira. Matumba ong'ambika ndi mbewu yofumbwa ikani padera.

Tsono apa ndi pamene muyenera kufatsa: thumba lililonse limene mwawerenga likhale ndi fatura ya chaka chimene linafika m'sitolo. Ine woodetsa wina anandibweretsera feteleza sabata ya Khirisimasi, fatura akuti "ibwera bwana, musadandaule". Inabweradi, koma yolembedwa Januwale, NUIT yanga (nambala yanga ya msonkho) palibepo. Matumba ali m'sitolo, m'mabuku a Disembala osaoneka pamene anachokera, phindu la chakacho n'kufufuma ngati ndapha makwacha. Kontabilista (katswiri wowerengera mabuku a ndalama) anakana kusaina mpaka fatura ikonzedwe, ndipo woodetsa uja foni anasiya kuyankha. Masiku ano galimoto siitsitsa katundu ndisanaone deti, NUIT ndi IVA (msonkho wa pa malonda) papepala. Amene amakutsitsirani mtengo bola musafunse fatura, asiyeni apite.

Ngongole nazo musaziiwale. Mlimi amene watenga feteleza mu Disembala kuti adzalipire akakumba mbatata, malondawo ndi a chaka chino ngakhale ndalama idzabwere mu Juni. Lembani dzina ndi ndalama yake.

Zotsalazo n'zachidule. Kuti mupeze phindu, pa ndalama za malonda chotsani mtengo wa katundu wogulitsidwa, lendi, malipiro ndi magetsi. Pelekani zonse kwa kontabilista Januwale asanathe, chifukwa mu Meyi amakhala otanganidwa ndipo ena amakweza mtengo. Makampani olipira IRPC (msonkho wa pa phindu la makampani) apeleke fomu ya msonkho ya Modelo 22 pofika kumapeto kwa Meyi. A ISPC (msonkho wa amalonda ang'onoang'ono) njira yanu ndi yaifupi, koma katundu muwerengebe. Pa 1 Januwale tsegulani kaundula watsopano.