Momwe mungakonzere zithunzi zambiri za katundu nthawi imodzi ndi AI

Catalog ya WhatsApp Business imalola katundu wofika 500. Amene anayesapo kukonza zithunzi zochuluka chonchi pamanja, chimodzichimodzi, akudziwa mmene msana umawawira. Kompyuta itha kugwira ntchitoyi, yochotsa zakumbuyo kwa katundu n'kuikapo koyera, inu muli kukhitchini.

Yambani ndi kujambula. Ikani katundu pa nsalu ya mtundu umodzi pafupi ndi zenera, foni isasunthe, ndipo jambulani zonse nthawi imodzi kuwala kusanasinthe. Nsapato yoyera musaiike pa nsalu yoyera, AI imasowa pomwe nsapato yathera. Zithunzizo zisungeni pa kompyuta mu foda yotchedwa zoyamba.

Kenako ikani Python pa kompyuta (pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu ena), tsegulani Command Prompt kapena Terminal (pomwe mumalembera kompyuta malamulo), mulembe:

pip install "rembg[cpu,cli]"

Pulogalamu ya rembg ndi yaulere. Imachotsa zonse zili kumbuyo kwa katundu. Tsiku loyamba imatsitsa model yake (fayilo ya AI yozindikira katundu pa chithunzi) pa intaneti, choncho khalani ndi bundle yokwanira. Ikatero imagwira ntchito popanda intaneti. Mu Command Prompt kapena Terminal, lowani pamalo pomwe pali foda ya zoyamba, mulembe:

rembg p zoyamba zodulidwa

Foda yonse ituluka ngati zithunzi za PNG mu foda yatsopano ya zodulidwa, katundu ali yekha.

Tsopano kuika kumbuyo kwatsopano. Ikani ImageMagick, pulogalamu yokonzera zithunzi, pangani foda ya zomaliza, mulembe:

magick mogrify -path zomaliza -format jpg -trim +repage -resize 1300x1300 -background white -alpha remove -gravity center -extent 1500x1500 zodulidwa/*.png

Katundu aliyense akhala pakati, kumbuyo koyera, zithunzi zonse kukula kofanana. Ogulitsa pa Amazon amakakamizidwa kuchita chimodzimodzi: chithunzi choyamba chikhale choyera kumbuyo, katundu adzaze 85 peresenti ya chithunzicho.

Musatumize musanaziyang'ane ndi maso anu. Mabotolo oonekera mkati, mawigi ndi madengu oluka ndi amene amavuta. AI imadya m'mphepete mwake, kapena kusiya zidutswa za nsalu m'mabowo. Zoterezi zipatuleni, muzikonze pamanja kapena kuzijambulanso pa nsalu yakuda.

Pali mapulogalamu ena a AI amene amajambula okha tebulo, maluwa ndi mthunzi. Ndi okongola, inde, koma ena amakhudzanso katundu weniweniyo. Pa zitenje ine sindimawalola n'komwe. Duwa la pa chitenje likasintha pang'ono, kasitomala amene watumiza kale ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba adzalandira china, ndipo chitenjecho chibwerera kwa inu. Fananitsani chithunzi chomaliza ndi chitenje chili m'manja mwanu, makamaka zofiira ndi zabuluu.