Eni nyumba, lembani zonse papepala limodzi munthu asanalowe

Ngati muli ndi nyumba yochititsa lendi, musamangotchula mtengo pakamwa munthu akabwera kudzaiona. Ine ndimamupatsa pepala limodzi kuti apite nalo, akaliwerenge modekha tisanasainirane pangano.

Pamwamba ndimalemba lendi ya pamwezi ndi tsiku lolipira. Kenako dipoziti: ndi ndalama zingati, idzabwezedwa liti, ndipo ndi zinthu ziti zomwe zingachititse kuti ndidulepo. Apa ndi pamene mikangano yambiri imayambira, choncho ndimafotokoza mwatsatanetsatane, mpaka galasi losweka ndi kiyi wotayika. Bilu ya madzi ndi magetsi alipira ndani, denga likamadontha akonza ndani, lendi ingakwere pakapita nthawi yaitali bwanji, notisi yotulukira ndi ya miyezi ingati, zonsezi zikhalepo.

M'munsi ndimaphatikiza ndalama zonse zofunika pa tsiku lolowa, n'kulemba nambala imodzi. Amene sangakwanitse amadziwiratu ndipo sabweranso. Kwa ine bola zimenezo kusiyana n'kumakokanakokana naye mwezi wachitatu.

Tsiku losainirana, jambulani zipinda zonse ndi mita pafoni muli limodzi, mutumizirane zithunzizo. Potuluka palibe amene anganene kuti khomalo analipeza long'aluka kale.