Puffer si chambo, mano ake amafuna nkhono

Chaka chino anthu oweta nsomba mmathanki agalasi atengeka kwambiri ndi puffer, kansomba kozungulira kamaso otuzuka kaja kamene kamadzifufumitsa kakachita mantha, ndipo dandaulo lomwe likundipeza ndi limodzimodzi: yasiya kudya, yaonda, ikungozungulira chakudya osaluma. Ndikati tajambulani kukamwa mutumize, ndi zomwezo basi, mano atalika mpaka apanikizana, pakamwa sipakutsegukanso bwino. Nsomba ikufa ndi njala chakudya chili mmaso mwake.

Puffer ili ndi mano anayi, awiri mmwamba awiri mmunsi, ogwirana ngati mlomo, ndipo amakula moyo wake onse ngati a khoswe. Kumene imachokera imakhalira kuswa nkhono, nkhanu ndi tizamoyo tina tazigoba, ndiye manowo amaperepeseka okha. Inu mwaibweretsa kunyumba mukuipatsa ma flakes, chakudya chouma chopyapyala chomwe mumapatsa tinsomba ta guppy, mwina timphutsi tofiira totchedwa bloodworm ta mufiriji tsiku ndi tsiku chifukwa choti ndi timene imakonda, miyezi ingapo zikuoneka ngati zili bho, kenako mwadzidzidzi yayamba kulavula chakudya, mimba yalowa mkati. Apa ndiye ena amathamangira mankhwala a tizilombo, kuthira osawerenga nkomwe, pomwe puffer ilibe mamba ndipo mankhwala okhala ndi copper (mkuwa) amaipweteka, komanso amapha nkhono zomwe ikufunikazo. Ndalama ya nsomba yapita, ya mankhwala yapita, magetsi a hita ndi fyuluta miyezi yonseyo mwalipira pachabe.

Mano akafika pamenepo chotsala ndi kuwawenga, kuigoneka kaye nsombayo ndi mafuta a clove, chokometsera zakudya chonunkhira, kenako kudula ndi kachodulira zikhadabo. Si ntchito ya munthu woyamba kumene iyi, mukachulutsa mafutawo pang'ono sidzukanso, ndipo ikameza mpweya ili kunja kwa madzi imavutika kuutulutsa, imangoyandama.

Chomwe chimanditopetsa ndi maganizo akuti nsomba ndi nsomba. Bambo wina mlimi wa madamu, makumba ndi chilunguni zake amaweta bwino ndithu, mwana wawo anawabweretsera puffer ya mtundu wa green spotted kuchokera ku Joni. Iwo kumaponyamo gaga wosakaniza ndi usipa wosinja. Ndikuwauza kuti bambo iyi ndi yodya nyama, akuti "alangizi, ine ndinayamba kuweta nsomba inu musanabadwe, njala ikaipweteka idya yokha." Siinadye. Inkangolandira nyongolotsi zomwe adzukulu ankakumba kudimba, zofewanso, kwinaku ikubudula zipsepse za tinsomba tina tomwe anaiphatikiza nato, gaga uja akuolera pansi madzi achita mbuu kununkha. Komanso mtundu umenewo ukamakula umafuna madzi a mchere wa mnyanja yaikulu, umafika masentimita 15, iwo anangoti wa mmadzi wamba poti kushopu unali mmadzi wamba.

Ndiye musanagule puffer yambani mwaweta nkhono, zimenezo ndiye dongosolo lake. Chidebe chapadera, tinkhono ta mmadzi ta mtundu wa ramshorn kapena bladder snail togula kwa anzanu a mathanki, kumatiponyera tsamba la letesi kapena kankhaka, tiswane kaye. Musakatole za mdambo kapena mmbali mwa nyanja chonde, zina mwa izo ndi zomwe zimanyamula likodzo, mudwala ndinu ndi ana anu. Nkhono yoipatsa ikhale kukula ngati diso la nsombayo kuti iswe chigoba, osati kungoyamwa zamkati.

Za mtundu mwachangu: woyamba tengani pea puffer wa ku Kerala, India, ndi wa madzi wamba, sapitirira masentimita 3 ndi theka ndipo mano savutitsa kwenikweni. Wa mumtsinje wa Amazon ku South America, wotchedwa Colomesus asellus, mano amakula msanga zedi, musiyeni kaye. Wina wotchedwa mbu wa mumtsinje wa Congo ndi Nyanja ya Tanganyika amapitirira masentimita 60, pabalaza panu sakwanapo. Madzi akhale otentha pakati pa 24 ndi 28 digiri Celsius, zotsala za nkhono muzichotsa tsiku lomwelo, sabata iliyonse sinthani gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, ndipo poisamutsa tungani ndi kapu ili mmadzi momwemo, neti ayi.