Momwe mungatetezere tiana ta nsomba ku tizilombo ta m'damu

Mbewu ya nsomba ikamachepa m'damu, alimi ambiri amaloza chala katumbu, ng'azi kapena akuba. Koma tiana ta makumba, chilunguni ndi milamba timathanso ndi tizilombo tokhala m'madzi momwemo.

Choyamba, dziwani adani anu. Ana a tombolombo amabisala m'matope ndi m'udzu, ndipo kansomba kakamadutsa amakambwandira. Pali tina tosambira chagada, timiyendo tili m'mwamba, timene timabaya kansomba n'kukayamwa. Zikumbu zakuda za m'madzi nazonso n'zolusa, makamaka mphutsi zake. Chachikulu pa zonse ndi chija chaphwatalala, chofiirira, cha miyendo yakutsogolo yopanira. Chimagwira ngakhale nsomba yoposa icho msinkhu, ndipo chikakulumani chala mumadziwanso.

Ntchito yeniyeni imayamba mukangokolola. Phwetsani damu lonse, lisiyeni liume mpaka dothi ling'aluke. Pamene patsala zithaphwi thiranipo laimu, chifukwa m'menemo ndi mothawira tizilomboti. Lambulani udzu wa m'mbali ndi womera m'madzi.

Kenako mangani sefa wa mabowo ang'onoang'ono pa paipi yolowetsa madzi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amadzaza damu, n'kulisiya mwezi wathunthu akufunafuna mbewu. Tizilombo tambiri timachita kuuluka pobwera, ndiye nthawi yonseyo timakhala tikuikira mazira. Pezerani mbewu kaye, madzi alowe pambuyo, ndipo nsomba ziikidwe madziwo akangoyamba kubiriwira ndi manyowa, patapita sabata imodzi kapena iwiri. Musanaziike, kokani ukonde wa maso ang'onoang'ono kangapo, zonse zimene mwakola mukathire kumtunda nkhuku zidye.

Tiana tongoswedwa kumene musatitaye m'damu lalikulu. Tilereni mu hapa, ukonde womangidwa ngati bokosi m'kati mwa damu, mpaka tifike kutalika kwa chala. Nsomba ya msinkhu umenewo tizilombo tambiri sitiyilimba mtima, ndipo mlamba ukakula umatembenuka n'kumadya tizilombo tomweto. Koma chonde, neti ya udzudzu ya mankhwala isasanduke hapa. Mankhwala ake ndi poizoni kwa nsomba, komanso ana kunyumba atsala pamtetete ndi malungo.

Ngati pafupi ndi damu pali nyali yoyaka usiku, isunthireni kutali, poti zikumbu zimatsata kuwala.

Ena amathira dizilo kapena parafini pamwamba pa madzi kuti tizilombo topuma mpweya wa kunja tibanike. Ine njira imeneyi sindiikonda. Ana a tombolombo amapumira m'madzi, choncho siwakhudza, pamene madzi omwewo ndi amene mumathirira dimba. Mankhwala opopera thonje kapena ndiwo zamasamba ndiye musayese n'komwe, amapha nsomba zonse. Zikakukanikani, itanani mlangizi wa za nsomba wa m'dera lanu adzaone damulo m'mawa, madzi asanavundulidwe.