Ntchito yoteteza chilumba imayambira padoko

Magulu ambiri a anthu odzipereka kusamalira chilengedwe pa zilumba amayamba ndi kutola zinyalala m'mphepete mwa nyanja kapena kubzala mitengo. Ntchito zimenezi ndi zabwino, ndipo anthu amazikonda chifukwa pofika madzulo aliyense amaona zotsatira zake ndi maso. Koma mukandifunsa kuti gulu liyambire pati, ndikuuzani kuti liyambire padoko, pamene mabwato amakocheza.

Zamoyo zambiri za pa zilumba zinakhala zaka zikwizikwi zisanakumanepo ndi khoswe, mphaka kapena njoka, choncho sizidziwa kuthawa. Mbalame zina zimaikira mazira poyera, zina m'mauna, ndipo mdani akafika amangotola. Pa chilumba cha Guam njoka ina yokwera m'mitengo inalowa itabisala m'katundu nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, ndipo inamaliza pafupifupi mitundu yonse ya mbalame za m'nkhalango. Mpaka lero njokayo ikadalipo. Pa chilumba cha South Georgia makoswe anatha, koma panafunika mahelikopita omwaza nyambo ya poizoni kuyambira 2011 mpaka 2015, ndipo mu 2018 m'pamene analengeza kuti palibenso khoswe. Gulu la anthu wamba silingapeze ndalama zoterozo. Chimene lingathe ndi kuletsa mdaniyo kuti asalowe.

Gawanani masiku kuti bwato lililonse likamafika pakhale wina woona katundu. Muziyang'ana kwambiri matumba a chakudya, makatoni, matabwa, maukonde ndi mahema. Fufuzani ndowe za makoswe, malo otafunidwa ndi nyerere. Nsapato ndi zingwe zimanyamula njere za namsongole, choncho ikani burashi ndi beseni pomwepo. Eni mabwato musawatenge ngati olakwa. Kambiranani nawo mwaulemu, muwapatse misampha yoti azitchera m'bwato, chifukwa iwowo akakhala kumbali yanu, theka la ntchito latha kale.

Musadikire kuti muone khoswe ndi maso, poti amayenda usiku. Dulani paipi yapulasitiki, muikemo khadi loyera lopakidwa inki pakati, nyambo pang'ono pamwamba pa inkiyo. Kanyama kakadutsamo kamasiya mapazi pa khadilo. Ikani mapaipi otere kuzungulira doko, pafupi ndi nyumba zosungira katundu komanso kudzala, ndipo muziwaona pa masiku amene munagwirizana. Lembani m'kaundula ngakhale tsiku limene simunapeze kanthu. Ambiri amaona ngati kulemba kuti "palibe" n'kutaya nthawi, koma masamba amenewo ndi amene adzakuuzeni kuti mdani analowa liti. Ndipo tsikulo n'lofunika kulidziwa, chifukwa khoswe amakhala ndi bere milungu pafupifupi 3 yokha, ndipo ana ake amayamba kuswa pakatha miyezi ngati 3.

Mukapeza mapazi, tcherani misampha tsiku lomwelo ndipo dziwitsani akuluakulu oona za chilengedwe. Poizoni musamwaze panokha. Mankhwala opha makoswe ngati brodifacoum amakhala nthawi yaitali m'thupi la khoswe, ndipo kadzidzi kapena galu amene wadya khosweyo amafanso. Mphaka nayenso si yankho ayi, chifukwa amagwira mbalame zomwezo mukufuna kupulumutsa.

Za mitengo nditchule chimodzi. Mbande zogula kumtunda zimabwera ndi dothi, ndipo m'dothimo mumabisala nyerere, nkhono ndi matenda. Tolani njere ku mitengo yachilengedwe ya pachilumba pomwepo, mufese mu nazale yanu. Anthu odzipereka a ku New Zealand anabzala mitengo yoposa 250,000 pa chilumba cha Tiritiri Matangi kuyambira 1984 mpaka 1994, ndipo makoswe anachotsedwa mu 1993. Lero alendo opita kumeneko amauzidwa kuti aone zikwama zawo ndi kutsuka nsapato asanakwere bwato.

Kulondera padoko kumatopetsa chifukwa miyezi imatha osagwira kanthu, ndipo anthu amayamba kujomba. A komiti, musasiyire munthu mmodzi ntchitoyi. Khadi lililonse likhale ndi mwini wake komanso wina womulowa m'malo akadwala kapena akachoka, ndipo pa msonkhano uliwonse kaundula aziwerengedwa pamaso pa onse.