Mkaka ulipo amayi anzanga, nayi njira yoyamwitsira mwana wakhanda

Mukangotuluka ku chipatala ndi khanda aliyense amasanduka mlangizi, apongozi, azakhali, aneba mpaka anzanu a pa WhatsApp, ndipo ambiri mwa iwo amakufunirani zabwino ndithu koma si zonse zomwe akunenazo zili zoona. Ndiye choyamba mudziwe kuti bere limapanga mkaka molingana ndi mmene mwana akuyamwira. Akamayamwa pafupipafupi mkaka umachuluka, koma mukayamba kumupatsa tina ndi tina amakhuta zimenezo nkusiya kukoka bere, mkaka nkuyamba kuchepa, kenako anthu omwe aja nkumati mwaona tinanena kuti alibe mkaka ameneyu. Zimandipweteka kwambiri kumva mayi wachichepere akunenedwa chonchi pomwe vuto silinali iye.

Muyikeni mwana kubere mkati mwa ola loyamba akangobadwa, agone pachifuwa panu khungu ndi khungu. Mkaka woyamba wachikasu womata uja musaufinyire pansi ati ndi wakuda, ayi, ndi umene uli ndi chitetezo chambiri ku matenda. Umatuluka wochepa, inde, koma kamimba ka mwana tsiku loyamba kamangokwana pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi basi. Mkaka woyera wochuluka umabwera tsiku la 3 kapena la 4, ndiye masiku awiri oyambawo musachite mantha nkuthamangira madzi a shuga kapena mkaka wa m'chitini.

Kagwiridwe ka bere ndi pomwe ambiri zimatisokonekera. Khalani bwinobwino, tsamirani, mwana mimba yake iyang'ane mimba yanu, mutu ndi thupi zikhale mzere umodzi osati khosi lopotoka. Mukhudzeni mlomo wa m'mwamba ndi nsonga ya bere, dikirani ayasamule kwambiri ndiye mumubweretse iyeyo kubere, osati inu kuwerama kumutsatira, msana udzakupwetekani. Akagwira bwino chibwano chimakhudza bere, mlomo wa m'munsi umapindikira kunja, ndipo mbali yakuda ija yozungulira nsonga ya bere yambiri imakhala m'kamwa makamaka ya kumunsi. Muzimva akumeza. Ngati akungoyamwa kansonga kokha mumva kuwawa ndipo zilonda zimayambira pamenepo, ndiye lowetsani kachala koyera pakona ya kamwa asiye, muyambirenso. Olo katatu kanayi palibe vuto, nonse mukuphunzira. Msiyeni amalize bere limodzi kaye musanamupatse linalo chifukwa mkaka wakumapeto ndi umene uli ndi mafuta ambiri okhutitsa.

Ayamwe ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, usiku womwe. Mukafuna kudziwa ngati akukhuta musayang'ane kulira kokha, ana amalira ndi kutentha, tulo, kufuna kunyamulidwa. Werengani matewera, akapitirira masiku 5 azinyowetsa 6 kapena kuposa pa tsiku, ndipo ku sikelo azikwera. Kukula kwa bere kulibe nazo ntchito izi, laling'ono ndi lalikulu onse amapanga mkaka.

Nkhani ya madzi tsopano, makamaka October dzuwa likaswa mtengo ngati ku Chikwawa ndi Nsanje. Agogo amati mwana wauma kukhosi mpatseni timadzi, koma mkaka wa m'mawere mbali yake yaikulu ndi madzi kale, akamva ludzu mumuyamwitse pafupipafupi ndipo madziwo muzimwa ndinu. Miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha, kuyamwitsa mwakathithi kuja amanena anamwino, popanda madzi, dawale, phala, tiyi kapena mankhwala azitsamba. Zimenezi ndi zomwe zimalowetsa majeremusi nkuyambitsa kutsekula m'mimba. Liwombo likalowa mkati mwana akutsekula kapena akukana kuyamwa ndiye kuti madzi akutha m'thupi, thamangirani ku chipatala osati kukapaka mankhwala pamutu. Akakwana miyezi 6 yambani phala la nsinjiro ndi zina koma bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kuposa.

Ena amati mukachokapo tsiku lonse mkaka umasasa m'bere. Sumasasa, fikani musambe m'manja muyamwitse. Mukadwala chimfine kapena malungo pitirizani, ingowauzani adokotala kuti mukuyamwitsa akupatseni mankhwala oyenera. Mukatenga mimba ina mwana akadali kubere mkaka suwonongeka ndipo simukuyenera kumuchotsa mwadzidzidzi, kambiranani ndi anamwino ku sikelo. Ndipo kwa amayi omwe ali ndi kachilombo ka HIV, Malawi inayamba mu 2011 kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka nako, ndiye ngati mukumwa mwandondomeko osadumphitsa ndi kumupatsa mwana mankhwala ake omwe mwalandira, yamwitsani ndipo muzipita naye kukayezetsa pa masiku omwe akuuzani.

Obwerera ku ntchito tchuthi chikatha, kamani mkaka ndi manja oyera m'kapu yotsukidwa bwino yokhala ndi chivindikiro. Pamalo pozizira bwino m'nyumba umakhala maola 4, mu filiji mpaka masiku 4, koma magetsi akathima nthawi yaitali musaudalire. Wotsala ndi mwana azimumwetsa ndi kakapu pang'onopang'ono, botolo limavuta kutsuka. Ku ntchitoko muzikamabe kuti mkaka usachepe. Bere likatupa nkulimba ikani kansalu kofunda musanayamwitse, kamani pang'ono lifewe kuti mwana agwire, koma likafiira nkumatentha inu nkumamva kuzizidwa pitani ku chipatala tsiku lomwelo ndipo musasiye kuyamwitsa.

Za apongozi musalimbane nawo, zimangobweretsa chidani m'nyumba ndipo mawa mukachoka adzamupatsabe dawaleyo. Apempheni mwaulemu kuti amayi tiyeni mundiperekeze ku sikelo, akamve okha kwa anamwino kapena alangizi a zaumoyo, nthawi zambiri akamva kumeneko amabwerako ali mbali yanu. Abambo a mwana nawo auzeni zoti achite mosabisa, atunge madzi, achape matewera, awonetsetse kuti mwadya nsima yokwanira ndi ndiwo zabwino ndi kathobwa pambali, kuti inu mukhale pansi muyamwitse komanso mugoneko mwana akagona.