Mpira ukagwera patali bwanji?

Mwafunsa kuti: mpira ukamenyedwa pabwalo losalala pa liwiro la mamita 20 pa sekondi, mopendekera m'mwamba madigiri 30 kuchokera pansi, ukagwera pati?

Yambani ndi kugawa liwirolo m'zigawo ziwiri, lokwera ndi lopita kutsogolo, pogwiritsa ntchito sin ndi cos (manambala osonyeza gawo la liwiro lopita mbali iliyonse; sin 30° ndi 0.5, cos 30° ndi pafupifupi 0.866). Lokwera ndi 20 × sin 30° = 10. Lopita kutsogolo ndi 20 × cos 30° = 17.3.

Kenako pezani nthawi. Mphamvu yokoka ya dziko imachotsa 9.8 pa liwiro lokwera sekondi iliyonse, koma tingoti 10 kuti masamu asavute. Ndiye liwiro lokwera la 10 lija litha pa sekondi imodzi: mpirawo ukwera sekondi imodzi, n'kutsika inanso. Masekondi 2.

Ambiri amasokonezeka apa: mphamvuyi siikhudza liwiro lopita kutsogolo, limakhalabe 17.3 mpaka mpira utagwa. Chulukitsani 17.3 × 2, mupeza mamita 34.6. Sitinawerengere mpweya womwe umabweza mpira, choncho pabwalo ugwera chapafupiko.